Kodi tinalakwa kuyamba sitalaka tokha opanda yuniyoni?

Achimwene ena ogwira ntchito pa fakitale ina ku Kanengo anditumizira imelo. Akuti malipiro anachedwa miyezi iwiri, tsiku lina anthu anangosiya makina n'kukakhala pa geti, bwana anapereka theka la ndalama, koma patangotha sabata anthu atatu omwe ankayankhula kwambiri anawachotsa ntchito. Ndiye akufunsa ngati analakwa kuyamba okha opanda yuniyoni.

Achimwene simunalakwe ayi, ana akamagona ndi njala munthu sungadikire kalata yochokera ku ofesi. Komatu mkangano umenewu ngwakale. Mu 1902 Lenin, wandale wa ku Russia, analemba kuti ogwira ntchito akasiyidwa okha amangothera pa nkhani ya malipiro basi, ndiye pamafunika chipani cholimba chowatsogolera. Mayi Rosa Luxemburg, womenyera ufulu wa ogwira ntchito ku Germany, ataona sitalaka zomwe zinagwedeza Russia mu 1905 anatsutsa, iye amati nthawi zambiri anthu wamba ndi amene amayamba, atsogoleri n'kumathamangira m'mbuyo, ndipo mabungwe amabadwira m'sitalaka momwemo.

Ine mtima wanga uli kwa mayi ameneyu chifukwa kwathu konkuno zinachitikapo. May 1992 ogwira ntchito pa David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, moto unafalikira mpaka kuno ku Lilongwe, pomwe nthawi imeneyo mayuniyoni anali m'thumba la boma la Kamuzu, palibe komiti inawatuma, ndipo apolisi anawombera anthu ena n'kufa. Koma onaninso mbali inayi, Chakufwa Chihana amene anamumanga pa eyapoti pa 6 April chaka chomwecho anali munthu wa yuniyoni, ndipo kuti tifike pa referendamu ya 14 June 1993 panali PAC (bungwe lotsogozedwa ndi azipembedzo), AFORD ndi UDF, anthu oyenda mudzi ndi mudzi, okhala pansi kukambirana ndi boma.

Bungwe nalo likangokula popanda mizu limagwa. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, anayambitsa yuniyoni yotchedwa ICU ku Cape Town mu 1919, inakula koopsa mpaka m'mafamu, koma zaka khumi zisanathe inali itagawikana chifukwa cha mikangano ya utsogoleri ndi ndalama. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero.

Ndiye chomwe chinasowa kwanuko si kulimba mtima. Bwana anaona kuti pakamwa panu ndi anthu atatu okha, anangowazula. Panopa yambani ndi anzanu atatuwo, musawasiye okha, sonkhani kangachepe ka thiransipoti muwaperekeze ku ofesi ya leba, zikakanika nkhani ipite ku khothi loona milandu ya pantchito la Industrial Relations Court. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limakulolani kulowa kapena kuyambitsa yuniyoni, komanso lili ndi ndondomeko yoyenera kutsata sitalaka isanayambe, muliwerenge limodzi. Sankhani oyimira shifiti iliyonse, lembani m'kope tsiku lililonse lomwe malipiro achedwa, ndipo pokumana musakumanire pa geti, pezani nyumba ya mmodzi wa inu ku Area 25 kapena kwa Mgona Lamlungu masana.