Kodi kukopera pulogalamu ya pakompyuta n'kuba?

Wowerenga wina watumiza imelo. Akuti kumene anakonzetsa laputopu anamuikira Windows ndi Office zosalipira, ndiye mnzake akumutcha wakuba. Funso lake n'lakuti: mwiniwake akadali nayo pulogalamu yake, nanga chabedwa n'chiyani?

Achimwene, mawu akuti kuba pankhaniyi amawakonda ndi makampani, osati makhoti. Bill Gates wa Microsoft anawagwiritsa ntchito mu 1976 m'kalata yodzudzula anthu amene ankakoperana pulogalamu ya kampani yake yotchedwa Altair BASIC. Mawu akuti piracy, omwe amatchulira kukopera kotereku pa Chingerezi, ndiye oposa apo, poti tanthauzo lake loyamba ndi uchifwamba wolanda zombo panyanja. Koma mu 1985, pa mlandu wa Dowling, khoti lalikulu la ku America linagamula kuti malekodi okopedwa popanda chilolezo si katundu wobedwa. Wokuberani njinga amakusiyani mukuyenda wapansi, pomwe wokopera amaphwanya ufulu wa mwiniwake wosankha amene angakopere. Ndi milandu iwiri yosiyana. Mu 2013, pa mlandu wa Hotfile, webusayiti yogawirana mafayilo, ku Florida, woweruza analetsa makampani a mafilimu kutchula mawu akuti kuba ndi piracy pozenga mlanduwo.

Pa masamu m'pamene pali ukathyali weniweni. Bungwe la BSA, loimira makampani ngati Microsoft ndi Adobe, linkawerengetsa mtengo wa mapulogalamu onse okopedwa n'kunena kuti ndi ndalama zotayika, ngati kuti aliyense wokopera akanagula. Mwana wasukulu amene alibe ndi ya minibasi yomwe akanagula pulogalamu yodula ngati Photoshop? Pambuyo pake a BSA anasintha mawu, n'kumangoti mtengo wapamsika wa mapulogalamu opanda laisensi.

Onaninso izi. Pogula pulogalamu pa intaneti, batani limati Buy, koma mgwirizano umene timangodina osawerenga uja umati sanakugulitseni, angokupatsani laisensi. Khoti la apilo ku America linavomereza zimenezi mu 2010 pa mlandu wa Vernor ndi Autodesk, pomwe la European Union mu 2012 linati laisensi yopanda malire a nthawi n'kugulitsa ndithu, ndipo wogulayo atha kugulitsanso. Ndiye kwa makampani, mukakopera, pulogalamu ndi katundu. Mukalipira, si katundu wanu.

Komatu musati ndakumasulani. Lamulo la zokopera, la Copyright, la 2016 kuno ku Malawi limateteza mapulogalamu, kaya mukuti kuba kaya kugawana. Ndipo tizida tothyolera laisensi ngati KMSpico timafuna muzimitse kaye antivayirasi, khomo lomwe mavairasi oba mapasiwedi amalowera. Ngati ndalama palibe, auzeni akushopuwo achotse Office ija akuikireni LibreOffice. Imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo ndi yaulere mwalamulo.