Funsani Anti: Mumakhala bwanji pamadzi chaka chonse?

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za ntchito yanga ya m'boti loyendera mphepo ku zilumba za Caribbean. Kwa amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino: kwathu ndi ku Nkhotakota, ndinapita ku Cape Town kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo mabwana anga atagula boti la mimba ziwiri, lija amati catamaran, ananditenga kuti ndizikaphika. Lero ndimaphika, ndimakoka zingwe, ndimalonderanso usiku.

Anti, mng'ono wanga anandionetsa zithunzi pa Facebook, azungu atagona pa boti, madzi oyera mbee mpaka mchenga kuoneka pansi. Kodi anthuwa amakhaladi m'botimo chaka chonse? Madzi akumwa amawapeza kuti poti nyanjayo ndi yamchere? Nanga akafuna kudzithandiza?
*Mayi wa ana atatu, Area 25, Lilongwe*

Amakhaladi mayi, ena ndi ana awo omwe, sukulu n'kumaphunzirira m'botimo. Koma zithunzizo amajambula madzulo ntchito itatha. M'mawa palibe amene amagwira foni.

Ine ndikadzuka, ndisanatereke ndi tiyi yemwe, ndimayang'ana zinthu ziwiri: madzi atsala ochuluka bwanji m'matanki, ndiponso mabatire agona bwanji usiku, poti filiji imadya moto osapuma. Matanki athu awiri pamodzi amalowa malita pafupifupi 700. Akuoneka ambiri, koma mukakhala anthu asanu ndi mmodzi osasamala, sabata siikwana.

Madzi a m'nyanja sangamweke. Lita imodzi imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo ukamwa ludzu limangowonjezeka. Ndiye timagula pa doko, kapena kutchera mvula pa denga, kapena kuyatsa makina otchedwa watermaker. Makinawa amakankha madzi amchere mwamphamvu kwambiri kudutsa pa sefa yothina, mchere n'kutsalira, madzi abwino n'kumadontha kupita m'thanki. Amafuna magetsi ambiri, choncho timawayatsa masana dzuwa likuswa mtengo, masola akugwira bwino. M'doko lodzaza maboti sitiyatsa, chifukwa mafuta a mainjini oyandama pamadzi amawononga sefa ija, ndipo ndi yodula.

Kasambidwe ndi kotere: umalumphira m'nyanja, kutuluka, kudzola sopo, kulumphiranso, kenako n'kudzitsukuluza ndi malita awiri a madzi abwino. Mbale chimodzimodzi, amchere poyamba, abwino pomaliza. Ine amene ndinakula ndikusenza ndowa izi sizinandivute konse. Amavutika ndi alendo a mabwana. Munthu amalowa m'bafa n'kutsegula shawa n'kuyamba kuimba, pamene tonse kunja tikumva pampu ikulira, kaputeni nkhope ikusintha.

Mchere ndiye mdani weniweni. Chovala chonyowa ndi madzi a m'nyanja sichiuma bwinobwino chifukwa mchere umakoka chinyezi. Zipi imagwira, mpeni umachita dzimbiri, waya wa magetsi umabiriwira. Ntchito yambiri ya m'boti ndi yokonza zimene mchere wawononga.

Chimbudzi chilimo, chaching'ono, chopopa ndi dzanja. Zonse zimasungidwa m'thanki yakeyake n'kukakhuthulidwa kutali ndi gombe, osati pamene anthu akusambira. Pepala timaponya m'bini. Mlendo akaiwala lamuloli paipi imatseka, ndipo womasula paipiyo si mlendoyo ayi.

Mwana wanga, ndamva kuti uli kutali kwambiri. Kodi kumeneko mumadya chiyani? Nsima mumaiona?
*Agogo, Dedza*

Agogo, musadandaule, nsima ndimadya. Ufa wa chimanga umapezeka m'magolosale ambiri, kungoti ndi wachikasu ndipo ndi wamiseremisere. Anthu a kuno makolo awo ambiri anachokera ku Africa nthawi ya ukapolo, ndipo mphika sunaiwale. Ku Barbados amaphika ufa womwewu pamodzi ndi therere, amati cou-cou, n'kudyera nsomba zouluka zija. Ku Antigua chakudya chomwecho amati fungee. Tsiku loyamba kuona mayi wina akuvundula ndi mthiko ndinaima n'kumangomuyang'ana.

Ku Grenada chakudya chawo chachikulu ndi oil down: chipatso chachikulu chotchedwa breadfruit, nyama yamchere, masamba a koko ndi chikasu, zonse mumphika umodzi, kuphika ndi mkaka wa kokonati mpaka msuzi utauma. Loweruka ndimapita ku msika wa St George's kukagula mbatata, nthochi zophika, mapapaya ndi nutmeg, imene anthu a kumeneko amainyadira mpaka anaiika pa mbendera yawo. Ndalama yake ndi dola ya East Caribbean, imene inamangiriridwa pa 2.70 ku dola imodzi ya America kuyambira 1976. Tchizi ndi zam'chitini timakagula ku Martinique, chilumba chimene ndi gawo la France, kumene amalipira ma euro.

Katoni ya ku golosale silowa m'boti mwanga. Mphemvu zimaikira mazira m'mipata ya makatoni, ndipo zikaswa m'boti simungazithe. Ufa ndi mpunga ndimatsanulira m'mabotolo otseka bwino kuopa anankafumbwe.

Nsomba timagwira tikamayenda pakati pa chilumba ndi chilumba, chingwe chikukokeka kumbuyo: tuna, wahoo, ndi ina yokongola yotchedwa mahi-mahi. Izi ndi za m'nyanja yakuya ndipo timadya mtima uli m'malo. Zoopsa ndi nsomba zikuluzikulu zokhala m'matanthwe a korali (miyala ya pansi pa nyanja yomangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono), makamaka barracuda. Pamatanthwepo pamamera tindere ting'onoting'ono tapoizoni, tinsomba timadya tindereto, nsomba yaikulu imadya tinsombato, poizoni n'kumaunjikana m'thupi mwake. Matenda ake amati ciguatera. Kukazinga, kuwamba, kuika mufiliji, palibe chimene chimapha poizoniyo, ndipo nsombayo siinunkha, imakoma bwinobwino. Munthu amatsegula m'mimba, milomo kuchita dzanzi, ndipo akagwira chinthu chozizira amamva ngati chikumuwotcha. Ena zimawatengera miyezi kuti achire. Ndiye lamulo la kukhitchini kwanga ndi lakuti nsomba ya m'matanthwe ndimayamba ndafunsa asodzi a pachilumbapo, poti iwo amadziwa mbali imene ili ndi vuto. Barracuda ndiye sindiphika, ngakhale bwana atachonderera.

Anti, shaki simuziopa?
*Mtsikana wa Fomu 3, Zomba*

Iwe mwanawe, zimene ndimaziona kawirikawiri ndi zija amati nurse shark, zimangogona pansi pa mchenga. Sindisambira usiku, sindisambiranso pamene wina akutumbula nsomba. Chimene chavulaza anthu ambiri amene ndikuwadziwa ndi chingwe chokoka thanga chikakola chala, ndiponso dzuwa.

Mayi, ine ndine msodzi, mwera ndimaudziwa, unandilandapo maukonde. Mphepo ya kumeneko ndi yotani? Nanga namondwe ngati Freddy akabwera, inu muli pamadzi, mumathawira kuti?
*Msodzi, Monkey Bay*

Bambo, inu mukanakhala kuno mukanaphunzira msanga kuposa ambiri amene amabwera ndi mapepala. Mwera umakuvutani kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuchokera kummwera chakum'mawa. Kuno tili kumpoto kwa equator, ndipo mphepo yathu imachokera kum'mawa, nthawi zina kumpoto chakum'mawa, pafupifupi chaka chonse. Cha m'Disembala ndi Januwale imakula, amaitcha mphepo ya Khirisimasi.

Zilumbazi zinandandalikana kuchokera kumpoto kutsikira kummwera, choncho mbali ya kuzambwe ya chilumba chilichonse imakhala yabata. Kumeneko ndiko timaponya nangula. Ukangotuluka kuseri kwa chilumba kulowa pampata wa pakati pa zilumba ziwiri, mphepo imapanikizika n'kuwonjezera mphamvu, mafunde a Atlantic n'kukupeza. Kaputeni wanzeru amachepetsa thanga asanafike pampatapo. Mafunde ake ndi aatali, amakunyamula pang'onopang'ono n'kukutsitsa, osati afupiafupi omenya bwato motsatizana ngati a kwathu. Liwiro lathu nthawi zambiri ndi makilomita 11 kapena 12 pa ola. Wakabaza wamphamvu akhoza kutipitirira.

Za nangula mudzagwirizana nane. Chimene chimagwira boti si kulemera kwa nangula kokha koma kutalika kwa tcheni. Pa madzi akuya mamita 5 timatsitsa tcheni cha mamita 25 kapena kuposa, kuti chigone pansi n'kumakoka nangula chammbali, azikumba mumchenga. Timafuna mchenga, osati korali, chifukwa tcheni chimaphwanya korali amene anatenga zaka zambirimbiri kukula. Ku Tobago Cays, tizilumba tisanu topanda anthu m'dziko la St Vincent and the Grenadines, ndi malo otetezedwa, amalipiritsa, ndipo akamba a m'nyanja amadya udzu pansi pa boti lako. Kutsogolo kwako kulibe phiri lotchinga, pali tanthwe la korali lokha lothyola mafunde, ndiye mphepo imawomba usiku wonse. Tikaponya nangula mmodzi wa ife amavala magalasi n'kumira kukaona ngati waluma. Ngakhale zitatero, mphepo ikasintha pakati pa usiku aliyense amadzuka n'kuyang'ana ngati boti la mnzake silikuyandikira.

Nyengo ya anamondwe ku Atlantic ndi kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala. Ambiri aakulu amayambira kufupi ndi gombe la kuzambwe kwa Africa n'kumakula akuwoloka nyanja, ndipo a National Hurricane Center ku Miami amawatsatira n'kumalengeza masiku angapo asanafike. Boti silingalimbane ndi namondwe, ndiye nzeru ndi kuchokapo nyengo isanayambe. Eni maboti ambiri amatsikira kummwera, ku Grenada kapena ku Trinidad, n'kutulutsa boti pamadzi, kulimangirira pansi pa madoko ngati la Chaguaramas ku Trinidad. A inshuwalansi nawo amalemba mzere pa mapu, ukapezeka kumpoto kwake nyengo imeneyi salipira.

Koma kummwera si kumwamba. Anthu ankati Grenada anamondwe safikako mpaka Ivan anaigwetsa mu Seputembala 2004. Pa 1 Julayi 2024 Beryl anamenya Carriacou, Petite Martinique ndi Union Island, nyengo itangoyamba kumene. Maboti amene anabisala m'mitengo ya m'madzi ku Tyrrel Bay, pa chilumba cha Carriacou, anasanjikizana. Eni maboti ambiri anakwera ndege kubwerera kwawo, koma amene amatigulitsa buledi ndi nsomba pa timaboti tawo anatsala pa nyumba zopanda madenga. Inu amene munaona za Freddy mu Malichi 2023 mukudziwa amene amatsala.

Anti, ndili ku Cape Town, ndimagwira ya m'galadeni. Ndikufuna ntchito ngati yanuyo. Wina wandiuza kuti ndimupatse ndalama andipezere malo pa boti. Ndipereke?
*Mnyamata wa ku Mangochi, ali ku Cape Town*

Achimwene, musapereke. Ntchito yeniyeni ya pa boti sagula. Ndalamayo musunge mulipirire mapepala.

Pepala loyamba ndi STCW, maphunziro a masiku owerengeka a kuzimitsa moto, thandizo loyamba ndi kudzipulumutsa boti likamira. Ku South Africa onetsetsani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamadzi. Lachiwiri ndi la dokotala, maboti ambiri amafuna lotchedwa ENG1. Amayeza maso, makamaka ngati mumasiyanitsa mitundu, chifukwa usiku boti limadziwika kumene lalowera ndi nyali zake, yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja. Pasipoti ikhale ndi nthawi yokwanira, ndipo makalata anu okhalira ku South Africa akhale olongosoka. Zilumba zambiri za Commonwealth sizivuta ndi pasipoti ya Malawi, koma Martinique ndi Guadeloupe zimafuna viza ya France. Kumbukirani kuti zambiri mwa zilumbazi ndi mayiko osiyana. Mukafika mumakweza mbendera yachikasu, kaputeni yekha n'kutsika ndi mapasipoti kupita kwa a kasitomu ndi olowa ndi kutuluka, ndipo ngati viza yanu palibe, boti lonse lavutika chifukwa cha inu.

Muli pamalo abwino. Cape Town ndi umodzi mwa mizinda imene imapanga ma catamaran ambiri pa dziko lonse, ndipo a mtundu wotchedwa Leopard amapangidwa konko ndi kampani ya Robertson and Caine. Ena amakwezedwa pa sitima zikuluzikulu, ena amawoloka okha: makilomita oposa 3,000 kukafika ku St Helena, kumene Napoleon anafera mu 1821, kenako gombe la Brazil, kenako Caribbean. Pa ulendowo mumagawana maola atatu kapena anayi olondera, usana ndi usiku. Masiku awiri kapena atatu oyamba nseru siisankha munthu, kenako thupi limazolowera.

Mudziwenso kuti chipinda chanu chidzakhala bedi ndi kashelefu basi, bwana ali mamita atatu kuchokera pamene mwagona, ndipo mukayambana palibe kotulukira. Maliro a kumudzi mudzawamvera pa WhatsApp. Malipiro ake amasungika chifukwa lendi ndi chakudya simulipira, koma pangano likhale lolembedwa, ndipo mulembedwe amene adzalipire tikiti yobwerera. Pasipoti yanu kaputeni amaitenga pokhapokha popita kwa a boma, ikabwera muzisunga nokha.

Panopa yambani ndi zimene sizifuna ndalama zambiri. Loweruka pitani ku madoko a maboti, ku Hout Bay kapena ku Waterfront, mukapemphe ganyu yotsuka ndi kupukuta zitsulo, anthu akudziweni nkhope. Ngati kusambira munaiwala chichokereni ku Mangochi, bwererani m'madzi. Gulani chingwe cha mamita awiri muphunzire mfundo yotchedwa bowline mpaka muziimanga mutatsinzina, chifukwa kaputeni aliyense adzakupatsani chingwe asanakufunseni dzina.