Funsani za Ulimi: Fodya wanga akufota pomwe feteleza ndimathira

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ine ndimalima fodya wa bale kuno ku Kasungu, munda womwewo chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano pakuti malo ndi ochepa. Feteleza wa Super D ndi CAN ndimathira bwinobwino koma masamba akunka nachepa chaka ndi chaka, mitengo ina imafota dzuwa likangowala olo mvula itagwa dzulo lake, ndikazula ndimapeza mizu yotupatupa ngati mikanda. Anzanga ena akuti thira manyowa ndi laimu, ena akuti makala. Kodi zimathandizadi kapena ndingotaya ndalama? Ndine mlimi wa ku Kasungu.

YANKHO: Bambo, pepani kwambiri, zimawawa kulowetsa ndalama ya ngongole m'munda kenako mabelo opita ku msika wa fodya wa Chinkhoma n'kumachepa. Anzanuwo sakunama ayi, koma muyenera kudziwa kaye chomwe chikuchitika pansipo.

Dothi lomamatira ku mizu ya fodya lija si dothi wamba. Mizu imatulutsa timadzi ta shuga, ndiye pamenepo pamasonkhana tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi timafangasi, mamiliyoni ambirimbiri mu kasupuni kamodzi. Tambiri ndi tabwino, timaoletsa zinyalala n'kumasula chakudya cha mbewu, tina timatambasula timaulusi tothandiza mizu kukoka fosifolasi ndi madzi, tina ngati Bacillus ndi Trichoderma timalimbana ndi toyambitsa matenda, kutilanda malo ndi chakudya. Tsono mukamabzala fodya yekhayekha pamalo amodzi zaka zonsezi, ndiye kuti mukuweta tizilombo tomwe timakonda fodyayo basi, adani ake, pomwe tabwino tija tikufa ndi njala poti mapesi timawotcha, manyowa sitithira. Feteleza amadyetsa mbewu inde, koma sasiya zowolerana m'nthaka, komanso wa nayitirojeni akamathiridwa chaka ndi chaka amawonjezera asidi pang'onopang'ono. Nthaka ikuguga choncho inu mukuona ngati mukuisamala.

Mikanda ya ku mizu ija ndi ntchito ya manematodi, tinyongolotsi tating'ono kwambiri tolowa mu muzu n'kuutupitsa mpaka madzi osakwera bwino, n'chifukwa chake masana fodya amalefuka. Musasokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya mtedza kapena soya, timeneto ndi tabwino, mukatikhudza ndi chala timathothoka ndipo m'kati mwake ndi mofiirira, pomwe chotupa cha nematodi ndi muzu weniweniwo watupa, sichichoka. Ndiye mabala omwe manematodi amasiya ndi khomo lolowera matenda ena. Yesani izi mawa lomwe: dulani tsinde la fodya wofota cha m'munsi, muviike kodulako mu tambula yagalasi ya madzi oyera osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika m'madzimo pakangopita mphindi zochepa, amenewo ndi matenda ofotetsa a mabakiteriya, ndipo ndikuuzeni mosabisa, palibe manyowa kapena laimu amene angachiritse mtengo womwe wagwidwa kale.

Chomwe manyowa amachita ndi kubwezera chakudya kwa tizilombo tabwino tija kuti tichulukenso, dothi limafewa, limasunga chinyezi, mizu imayenda momasuka. Koma akhale owola bwino chonde, akuda, ozizira, onunkhira ngati dothi la pansi pa mtengo, osati ndowe zongotapa m'khola dzulo. Apa ndipomwe alimi a fodya ambiri amalakwitsa. Ndowe zaziwisi ndi zitosi za nkhuku zothira mochuluka zimatulutsa nayitirojeni mochedwa, fodya amangobiriwira osakhwima pa nthawi yake, mu chigafa n'kukuvutani kuuma, komanso zimabwera ndi kolorini yemwe amachititsa tsamba kusunga chinyezi ndi kusayaka bwino, ogula ku okushoni zimenezo sazifuna. Pangani kompositi wanu, kaya wa padzenje kaya wa chimato, mapesi a chimanga, masangwi a mtedza, ndowe ndi kaphulusa pang'ono, mumupatse miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muthire msanga mukamakonza mizere osati tsiku lowokera.

Laimu ntchito yake ndi kuchepetsa asidi. Fodya amakonda pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya cha m'ma 5.5 mpaka 6, ikatsika kwambiri ndiye kuti asidi wachuluka, feteleza wanu wina amangomangika m'dothi mbewu osamudya, mizu imafupika ndipo mabakiteriya abwino ambiri amafooka. Koma laimu sathira mongoganizira, mukapyoza muyeso mukhoza kuitana matenda ena owoletsa mizu. Lankhulani ndi alangizi a ARET, bungwe la kafukufuku ndi ulangizi wa fodya, kapena a zaulimi a m'dera lanu akuthandizeni kutenga dothi likayezedwe, ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze amayeza nthaka. Akakuuzani mlingo, muwaze miyezi iwiri kapena itatu mvula isanayambe n'kusakaniza ndi dothi, laimu sagwira ntchito tsiku limodzi.

Makala nawo ndi zoona, koma musakadulire mitengo, fodya watha kale nkhalango zambiri kuno. Zitsononkho za chimanga kapena mankhusu a mpunga mukawotcha mopanda mpweya wambiri n'kusinja zimakwana. Makalawo ali ndi timabowo tambiri tosunga madzi momwenso tizilombo timabisalamo. Muwasakanize kaye ndi kompositi kwa milungu ingapo, chifukwa owuma okha amayamba ayamwa chakudya cha mbewu.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri bambo, munda umenewo upume ku fodya, olo muugawe zigawo. Fodya azibwerera pamalo pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pakatipo chimanga kapena udzu wa Katambora womwe umachepetsa manematodi. Tomato, mbatatesi, mabiringanya ndi tsabola ayi, ndi abale ake a fodya ndipo matenda awo ndi amodzi. Yang'aniraninso nazale, mbande zikachoka kumeneko ndi mikanda ndiye mwadzitengera nokha vuto kumunda. Chaka choyamba kusintha kudzakhala kochepa, musadzagwe ulesi, feteleza musasiye, ndipo yesani kaye mizere khumi yothira manyowa pambali pa khumi yosathira mudzafanizire mizu yake pozula.

FUNSO: Kodi mapesi a fodya ndingaike mu kompositi? Ndine mayi wa ku Dowa.

YANKHO: Mayi, ngati kompositiyo akubwerera ku fodya kapena kudimba la tomato musaike, mapesi ndi mizu yake zimasunga matenda ngati mozeyiki. Mukangomaliza kuthyola zulani msanga, mizu iyang'ane kudzuwa kuti manematodi afe, ndipo yomwe inali yodwala muwotche kunja kwa munda.