Achemwali, klorokwini ameneyo musam'patse mwana

Achemwali chonde klorokwini amene akukuuzani kuti wayambanso kuchiza malungoyo musam'patse mwana, ndangowerenga post yanu yoti mwana akudwalayi m'mimba mwachita kuti thibwi. Mu 1992 tikukhala ku Kawale mng'ono wanga ali ndi zaka zitatu anatentha thupi, mayi anam'patsa klorokwini masiku onse atatu osadumphitsa, ankaphwanyira pa supuni n'kuthira shuga chifukwa cha kuwawa kuja. Tsiku lachinayi usiku mwana anayamba kuphupha, maso kutembenuzika kungotsala oyera okhaokha, mano kulumana, thovu kukamwa, ine ndagwira koloboyi manja akunjenjemera mpaka palafini kutayikira pa mphasa, bambo ali panja opanda nsapato kugogoda khomo ndi khomo kusaka galimoto. Ku chipatala cha Central anati ndi malungo a mu ubongo komanso magazi atha, anamuika kwinini pa diripi, anatsitsimuka patatha masiku awiri.

Chimene chimandipwetekabe ndi azakhali athu. Anafika mu wodi n'kuyamba kukalipira mayi pamaso pa anthu, eti ndinu osasamala, mankhwala simunam'patse, ndalama mwadyera zina. Mayi osagona masiku anayi, chitenje chonyowa ndi masanzi a mwana, anangozyolika osayankha. Mpaka anamwalira akudziimba mlandu, ndipo azakhaliwo sanapepesepo olo kamodzi.

Ndinadzamvetsa nditakula ndikuphunzira za lab. Kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, ndi ka selo imodzi yokha, kamadya hemoglobin, chimene chimafiiritsa magazi athu, n'kumagayira mu kathumba ka asidi kamene kali m'kati mwake. Pogayapo pamatsala poizoni wotchedwa heme ndiye iko kamamuumitsa kukhala timibulu kuti asakaphe. Klorokwini akalowa mu kathumbako asidi uja amam'patsa chaji ya positive, sangathenso kudutsa khoma kuti atuluke, amangodzadzana momwemo n'kulepheretsa kuumitsa kuja, kachilombo kamafa ndi poizoni wake womwe. Tsono pa khoma la kathumbako pali puloteni yotchedwa PfCRT, ili ngati kachipata. Puloteniyi ndi mndandanda wa tizidutswa, pa malo a nambala 76 pamakhala kachidutswa kotchedwa lysine amene nayenso ndi positive, ndiye amakankhana ndi klorokwini, mankhwala osatuluka. Jini, malangizo a chibadwa opangira puloteniyo, ikasintha, pamalo pa lysine pamabwera kachidutswa kena, threonine wopanda chaji, ndi chija amati K76T, chipata chatseguka basi mankhwala amangotayika ngati madzi mu ndowa yobooka. Ndi zimene zinkachitika m'thupi mwa mng'ono wanga, mayi analibe cholakwa ngakhale chimodzi.

Amene akukuuzaniwo sakunama kwenikweni ayi. Malawi ndi dziko loyamba mu Africa kusiya klorokwini, mu 1993 tinapita ku Fansidar, kenako 2007 LA. Ku Blantyre ofufuza anapeza kuti tizilombo ta K76T tinatsika kuchoka pa 85% mu 1992 kufika 13% mu 2000, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2006 anaonetsa klorokwini akuchiza ana 99 mwa 100 alionse. Chifukwa chake n'choti chipata chosinthikacho chimafooketsa kachilombo, pakakhala palibe klorokwini tizilombo takale tija timaposa tinzake kuswana. Koma tikangoyambanso kumwa mwachisawawa totsala tija ndi timene tidzapulumuke n'kuchulukanso, ndipo inu simungadziwe kuti mwana wanu ali ndi kachilombo kati.

Pitani naye lero lomwe akam'baye chala amuyeze, akapezeka nawo ndi LA, m'mawa ndi madzulo masiku atatu, mum'patse atadya phala lothira nsinjiro kapena mkaka chifukwa LA amalowa bwino m'thupi ndi za mafuta. Ndipo mumalize onse, anthu osiyira mankhwala panjira mwana akangoyamba kusewera ndi amene akutiphera mankhwala m'dziko muno, ine amandinyansa zedi. Komanso musakhale phee kuti poti mwam'patsa ndiye basi, akamasanza chilichonse, kukana kuyamwa kapena kungogona osadzuka, bererekani muthamange naye ngakhale pakati pa usiku.