Funsani Tikuyankheni: Kupalasa Njinga pa Zilumba za Shimanami ku Japan

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa zaka 46 ndipo ndili ku Hiroshima m'dziko la Japan pa maphunziro a chaka chimodzi. Anzanga akuno akhala akundiuza za msewu wa njinga wotchedwa Shimanami Kaido umene umadutsa pa zilumba zisanu ndi chimodzi, ndipo mayi akunyumba akabwera kudzandiona ndikufuna tikauyende limodzi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ine ndinazolowera kupalasa mitunda yaifupi, pomwe mayiwa papita zaka zambiri asanakhalepo pachishalo. Kodi ulendowu ndi wa akatswiri okhaokha? Kodi tingaumalize tsiku limodzi, nanga njinga tikazipeza kuti? Ndine wowerenga wanu, ku Hiroshima.

YANKHO: Zikomo bambo pofunsa musananyamuke, paja safunsa anadya phula. Msewu umenewu si wa akatswiri okha ayi, ndipo ambiri mwa anthu amene mukakumane nawo ndi mabanja, achinyamata ndi achikulire amene abwereka njinga m'mawa womwewo. Koma zoti muumalize tsiku limodzi, ine ndikukulangizani kuti musatero.

Ulendowu umayambira mumzinda wa Onomichi m'chigawo cha Hiroshima n'kukathera ku Imabari m'chigawo cha Ehime, pachilumba chachikulu cha Shikoku, ndipo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Pakati pa mizinda iwiriyi pali nyanja yamchere ya Seto, ndipo zilumba zimene mudutsepo motsatizana ndi Mukaishima, Innoshima, Ikuchijima, Omishima, Hakatajima ndi Oshima. Milatho yomaliza yolumikiza zilumbazi inatsegulidwa mu 1999, ndipo mu 2019 boma la Japan linaika msewuwu m'gulu la misewu ya njinga yodziwika m'dziko lonse. Kusochera n'kovuta chifukwa m'mphepete mwa msewu anajambula mzere wabuluu kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo pamsewu pomwepo analemba makilomita amene atsala kuti mufike. Kuchoka ku Onomichi simukwera mlatho, mumakwera pantoni imene imakuwolotsani ndi njinga zanu kwa mphindi zochepa chabe kukafika ku Mukaishima.

Chimene chimatopetsa anthu si kutalika kwa ulendo kokha koma kukwera milatho. Milathoyi anaimanga m'mwamba kwambiri kuti sitima zikuluzikulu zizidutsa pansi pake, choncho mukafika kumapeto kwa chilumba chilichonse mumasiya gombe n'kuyamba kukwera kanjira kokhotakhota ka njinga kopita kumlatho. Amene anakonza tinjira timeneti anaganiza bwino, chifukwa anatipendeketsa pang'ono, moti pa mamita 100 alionse mumakwera mamita pafupifupi atatu okha. Munthu wosazolowera amakwera ndithu akaika giya yopepuka, koma adziwe kuti zitunda zoterezi zilipo zisanu ndi chimodzi, ndipo chilumba chomaliza cha Oshima chili ndi mapiri akeake amene msewu umadutsa pakati pake. Ndiye taganizani mayi atapalasa kuyambira m'mawa, miyendo italema, pokhalira patayamba kuwawa, n'kupeza kuti gawo lovuta kwambiri ndiye lili kutsogolo dzuwa likupendeka. Ulendo umene munaufuna kuti ukhale wachisangalalo ungathe kusanduka chilango, ndipo mayiwo sangadzafunenso kumva za njinga.

Ugaweni pawiri. Tsiku loyamba palasani makilomita pafupifupi 30 kukagona ku Setoda pachilumba cha Ikuchijima. Panjira mudzadutsa mlatho wa Innoshima, umene uli ndi misewu iwiri yosanjikizana: magalimoto amayenda pamwamba, inu pansi, mukumva kugunda kwa matayala awo pamutu panu. Ku Setoda ndi kwawo kwa mandimu, ndipo minda yake imatsetsereka m'mapiri mpaka kufupi ndi nyanja. Komweko kuli kachisi wa Kosanji, amene munthu wina wamalonda anayamba kumanga mu 1936 pokumbukira mayi ake. Ubwino wina wa Setoda ndi wakuti pali boti lobwerera ku Onomichi limene limanyamulanso njinga, kotero mayi akaona kuti mphamvu zatha, mungathe kubwerera popanda manyazi alionse.

Tsiku lachiwiri mudzayamba ndi mlatho wa Tatara, umene kwa ine ndi wokongola kuposa yonse. Mpata wa pakati pa nsanja zake ziwiri ndi wa mamita 890, ndipo pamene unkatsegulidwa mu 1999 panalibe mlatho wina wa mtundu wake padziko lonse wokhala ndi mpata wotalika chotero. Mukafika pansi pa nsanja imani, mutsike panjinga. Pamenepo anapachikapo timatabwa tiwiri, ndipo mukatiwombanitsa, kapena mukangowomba m'manja, phokosolo limabwerezabwereza likukwera m'mwamba pakati pa miyendo ya nsanjayo ngati chinthu chamoyo chikuthawira kumitambo. Pakati pa mlathowo palinso chizindikiro chosonyeza malire a zigawo za Hiroshima ndi Ehime. Munthu amene akuthamangira kumaliza tsiku limodzi amadutsa zonsezi mutu uli pamahandulo.

Ngati muli ndi tsiku lachitatu, lipatseni chilumba cha Omishima, chomwe ndi chachikulu pa zonse zisanu ndi chimodzi. Mzere wabuluu wa msewu waukulu umangolambalala mbali yakum'mawa, pomwe kachisi wakale wa Oyamazumi ali kumadzulo, ndipo kumeneko kumasungidwa malupanga ndi zovala zankhondo zambiri zimene asilikali amakedzana ankapereka ngati nsembe. Nyanja yonseyi kale inali m'manja mwa fuko la Murakami, limene ambiri amalitchula kuti achifwamba apanyanja, ngakhale kuti ntchito yawo yaikulu inali kulondolera zombo m'madzi oopsa ndi kulipiritsa msonkho, mpaka pamene wolamulira dziko la Japan pa nthawiyo, Toyotomi Hideyoshi, analetsa mchitidwewu mu 1588. Nyumba yosungiramo mbiri yawo ili pachilumba cha Oshima. Chifukwa chimene amalinyero ankawafunira mudzachiona ndi maso anu pamlatho womaliza wa Kurushima, umene ndi milatho itatu yolumikizana yotalika makilomita pafupifupi anayi: mukasuzumira pansi, madzi amathamanga ngati mtsinje wosefukira n'kumazungulira m'malo ena. Pamenepo mphepo imaomba mwamphamvu masiku ena, choncho gwirani mahandulo ndi manja onse awiri, ndipo mukafuna kujambula imani kaye. Phiri la Kirosan pa Oshima, lotalika kupitirira mamita 300, limaonetsa mlathowu bwino kwambiri, koma chitunda chake n'choimirira ndipo sindikulangizani kuti mukakwere ndi mayi pa ulendo woyamba.

Za njinga musade nkhawa. Ku Onomichi, ku Imabari ndi m'zilumbamo muli malo obwereketsa njinga, ndipo njinga zambiri mungathe kubwereka kwina n'kukasiya kwina. Ziliponso zokhala ndi batire lothandiza pokwera chitunda, zomwe zingawayenere bwino mayi, koma funsiranitu malamulo ake a masiku obwereka ndi malo obwezera chifukwa amasiyana ndi a njinga wamba. Sitolo za kampani yopanga njinga ya Giant zimene zili m'mizinda iwiriyi zimabwereketsa njinga zamipikisano. Musananyamuke yesani mabuleki ndi magiya, ndipo chishalo chikwezedwe mpaka bondo lizitsala pang'ono kuwongoka phazi likafika pansi popalasa, chifukwa chishalo chotsika chimapweteka mawondo. Nyengo yabwino ndi ya Marichi mpaka Meyi, kapena Okutobala ndi Novembala. Mu Juni mpaka pakati pa Julayi kumagwa mvula yambiri, Ogasiti kumatentha koopsa, ndipo miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala kumabwera mphepo zamkuntho. Kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi anthu ambiri amakhala patchuthi, choncho njinga ndi malo ogona muzisungitsiretu. M'masabata otsalawa mayi ayambe kupalasa pang'onopang'ono, ndipo pa ulendowo azikhala patsogolo ndi iwo kuti liwiro likhale lawo.

FUNSO: Akonzi, ine ndi mayi amene ndili ndi njinga yangayanga yamipikisano ndipo msewu wa Shimanami ndinaumaliza kale kawiri. Kodi m'dera lomwelo muli misewu ina yopanda anthu ambiri, nanga njinga yangayi ndingakwere nayo sitima yapamtunda?

YANKHO: Ilipo mayi, ndipo ndikutchulirani iwiri. Woyamba ndi Tobishima Kaido, umene umayambira kufupi ndi mzinda wa Kure n'kudutsa zilumba za Shimokamagari, Kamikamagari, Toyoshima ndi Osaki Shimojima mpaka ku Okamura, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Mbali yaikulu ya msewuwu imatsata gombe, magalimoto ndi ochepa, ndipo pa Osaki Shimojima pali doko lakale la Mitarai, kumene nyumba zamatabwa ndi tinjira topapatiza zikadali monga zinalili pamene zombo zinkaima pamenepo kudikira mphepo ndi madzi. Kuchoka ku Okamura pali pantoni yopita ku Imabari ndi ku Omishima, moti mungathe kulumikiza misewu iwiriyi pa ulendo umodzi. Wachiwiri ndi Yumeshima Kaido, wolumikiza zilumba za Yuge, Sashima, Ikina ndi Iwagi, umene unakwanira mu 2022 atatsegula mlatho wa Iwagi. Kumeneku mumafikako pa pantoni kuchokera ku Innoshima kapena ku Ikuchijima.

Dziwani kuti m'misewu imeneyi sitolo ndi zotalikirana ndipo okonza njinga ndi osowa, choncho nyamulani chubu chapadera, pampu, madzi okwanira ndi ndalama za yen zapamanja zolipirira pantoni. Onaninso nthawi ya pantoni yomaliza musanayambe ulendo, chifukwa mukaiphonya mudzagona pachilumba musanakonzekere.

Pa sitima zambiri za ku Japan njinga saloleza kulowa nayo ili chiimire. Muyenera kuchotsa matayala n'kuiika yonse m'chikwama chake chimene eni dziko amachitcha rinko bukuro, osasiya chishalo kapena handulo ili kunja. Yeserani kumasula ndi kumanga kunyumba kangapo musanapite kusiteshoni. Pamsewu yendani kumanzere, yatsani nyali kukada, ndipo valani chipewa choteteza mutu, chimene lamulo la kumeneko lakhala likulimbikitsa wopalasa aliyense kuvala kuyambira mu Epulo 2023. Kuyambira mu Novembala 2024 zilango za wopalasa atamwa mowa kapena akugwiritsa ntchito foni anazikhwimitsa, ndipo zimakhudzanso alendo ochokera kunja.