Kuwongola msana kungakuwonjezereni masentimita angati?

Achemwali, mwati muli ndi zaka 27, kutalika kwanu ndi masentimita 155, ndipo mwamva kuti mukawongola msana kapena kugula lamba wokoka mapewa mutalika ndi masentimita 5. Tiyambe ndi chowawacho: mafupa anu satalikanso. Mtsikana amasiya kukula pakapita zaka ziwiri kapena zitatu atayamba kusamba, kawirikawiri ali ndi zaka 14 mpaka 16, nsonga za mafupa a miyendo zikakhwima n'kutsekeka. Mapiritsi ndi maufa otalikitsa omwe akutsatsa pa Facebook sangatsegulenso pamenepo. Chimene mungabweze ndi utali womwe muli nawo kale koma mwaupinda. Kwa ambiri ndi sentimita 1 mpaka 3. Wofika pa 5 ndi amene anali wowerama kwambiri.

Musanayambe chilichonse, dziyezeni bwino, chifukwa apa ndi pomwe ogulitsa malamba amapusitsira anthu. Pakati pa mafupa a msana pali timapilo tofewa, ma disc, tomwe timakhala ndi madzi. Mukamayenda ndi kukhala tsiku lonse timaphwa pang'ono, usiku mukagona timadzazanso. Ndiye munthu aliyense amadzuka ali wamtali ndi sentimita 1 kapena 2 kuposa madzulo. Wina akadziyeza madzulo, n'kuvala lamba, n'kudzadziyezanso m'mamawa, anena kuti lamba wagwira ntchito. Inu dziyezeni ola lomwelomwelo, opanda nsapato, tsitsi litamasulidwa. Ikani buku pamutu mopingasa, wina alembe pakhoma ndi pensulo, muyeze ndi tepi ya atelala. Lembani kawiri: mutaima mmene mumaimira masiku onse, kenako zidendene, matako, mapewa ndi nkhongo zitagunda khoma, maso akuyang'ana kutsogolo. Kusiyana kwa mizere iwiriyo ndiye utali womwe mukutaya. Ukakhala theka la sentimita, musayembekezere zodabwitsa.

Utaliwo umabisala malo atatu. Khosi limasomphokera kutsogolo chifukwa cha foni, kompyuta kapena mashini osokera. Mutu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo ukatsogola minofu ya kunkhongo imagwira ntchito yosatha. Msana wapakati pa mapewa umakhota, makamaka kwa amene anamera mabere msanga n'kuzolowera kubisa chifuwa ali kusukulu, kapena wa mabere aakulu amene kamisolo yake siigwira bwino. Kamisolo yoyenera imanyamula ndi lamba wapansi wozungulira nthiti, osati zingwe za m'mapewa; zingwe zikamasiya mikwingwirima, saizi ndi yolakwika. Malo achitatu ndi chiuno, chomwe chimapendekera kutsogolo, mimba n'kutuluka, matako n'kubwerera kumbuyo. Izi zimakula ndi pakati komanso kukhala pampando nthawi yaitali. Poyesa, imani pakhoma paja mulowetse dzanja kuseri kwa chiuno: chikhatho chilowe mothina. Chibakera chikalowa, chiuno chapendekeka.

Mafizo ake safuna ndalama. Pakhosi, bwezani chibwano kumbuyo ngati mukufuna kupanga zibwano ziwiri, osaweramitsa mutu, gwirani masekondi 5, bwerezani ka 10, katatu patsiku. Pachifuwa, imani pakhomo, ikani mikono pafelemu zigongono zili molingana ndi mapewa, ponyani phazi limodzi kutsogolo mpaka mumve kukoka, masekondi 30, katatu. Kenako pindani chitenje chikhale ngati mpukutu wonenepa ngati mkono, gonani chagada chili mopingasa pansi pa mapewa, osati m'chiuno, manja atagwira mutu, mphindi imodzi kapena ziwiri. Pachiuno, gwadani bondo limodzi, phazi linalo kutsogolo, finyani thako la mbali yogwadayo n'kusunthira kutsogolo pang'ono, masekondi 30 mbali iliyonse. Mukapanda kufinya thako mumangopinda chiuno kwambiri, phindu palibe. Malizani ndi kugona chagada maondo atapinda, kwezani matako mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'maondo, ka 12, kawiri kapena katatu. Chitani masiku 5 pasabata, mudzayezenso pakatha masabata 6 mpaka 8.

Kulakwitsa kofala ndi kuima ngati msilikali pa perete: mapewa kuwakokera kumbuyo mwamphamvu, chifuwa kuchitukumula, chibwano kuchikweza. Nthiti zimatuluka, chiuno chimapindika kwambiri, pakangotha mphindi zochepa msana wayamba kuwawa ndipo munthu wabwerera mwakale. Chibwano chokwezacho chimakufupikitsaninso, chifukwa nsonga ya mutu imapendekera kumbuyo. Ganizani ngati mwasenza ndowa yopanda madzi pankhata ndipo mukuikankhira kumwamba, mapewa ali omasuka, maondo osakhwimitsa. Amayi osenza madzi amaima mowongoka pachifukwa chomwechi, ngakhale kuti malita 20 pamutu tsiku ndi tsiku ndi katundu wopweteka khosi, si mankhwala.

Lamba uja amangokumbutsa. Muvale mphindi 20 kapena 30 ngati mwamugula kale, koma sapatsa minofu mphamvu, ndipo mukamuvula thupi limabwerera pomwe linazolowera. Nsapato za gogoda zimawonjezera utali nthawi yomweyo, koma zazitali kwambiri zimakankhira kulemera kwa thupi kuzala n'kufupikitsa minofu ya katumba mukazivala masiku onse. Zamasentimita 3 kapena 4 n'zokwana.

Maso a anthu amaona zambiri kuposa tepi. Khosi likaonekera, mapewa akatseguka, mimba ikabwerera, sentimita 2 zimaoneka ngati 5, ndipo diresi limakhala bwino pathupi.

Koma si kupindika konse komwe kumatha ndi mafizo. Gonani chagada pamphasa: msana wopindika chifukwa cha chizolowezi umawongoka, wopindika mafupa suwongoka. Phewa limodzi likakhala lokwera ndipo nthiti za mbali imodzi zikutumphuka mukawerama, imeneyo ingakhale scoliosis, kukhotera kumbali kwa msana. Linunda losongoka lobwera ndi ululu, kuonda ndi thukuta la usiku lingakhale TB ya msana, yomwe kwathu kuno ilipo ndipo ikachedwa imapha miyendo. Dzanzi kapena kufooka kwa miyendo n'kofunika kuchipatala mwachangu. Kwa amayi omwe anasiya kusamba, kufupika ndi masentimita 4 poyerekeza ndi pautsikana wawo kungasonyeze kuti mafupa a msana afooka n'kuphwanyika mwakachetechete. Iwowa asachite za chitenje zija asanajambulidwe. Yambirani kuchipatala cha boma lanu, akutumizani ku mafizo kapena kwa madokotala a mafupa ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Pakadali pano, usipa ndi matemba muzidya ndi minga yomwe, pamodzi ndi bonongwe ndi mkaka, chifukwa thupi la munthu wamkulu limafuna kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku.