Kodi chingwe cha eriyo yathu chikupititsadi mphamvu?

FUNSO: Akonzi, ndimathandizira pa kawayilesi kena kakang'ono ka FM kuno ku Mzuzu. Chiyambireni mvula, omvera a ku Ekwendeni akudandaula kuti sakutimvanso, chonsecho nyali za pa transmitter (makina oulutsira mawu) zikuyaka ndipo wayilesi ya mu ofesi mwathu ikumveka bwinobwino. Ndingadziwe bwanji ngati chingwe chokwera pa mlongoti chikufikitsa mphamvu ku eriyo? Wowerenga wanu wa ku Luwinga.

YANKHO: Zikomo kwambiri, awerengi athu. Wayilesi ya mu ofesiyo musaidalire, chifukwa ili pafupi kwambiri moti imatola ngakhale kamphamvu kochepa kodontha kuchokera mu transmitter, pamene ku eriyo sikukufika kanthu. Chingwe chokwera pa mlongoticho, chotchedwa coax, chinapangidwa kuti waya wolukidwa wakunja azitsekera mphamvu m'kati, choncho kuchiona kapena kuchigwira kunja sikungakuuzeni kalikonse, ndipo mita wamba yoyezera magetsi (multimeter) siyeza mphamvu ya pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, pamene pali mawayilesi a FM.

Chofunika ndi mita ya SWR, imene imalumikizidwa pakati pa transmitter ndi chingwe. Mita imeneyi imaonetsa mphamvu yopita ku eriyo ndiponso yobwerera. Ikawerenga 1.5 kapena kutsika apo, zinthu zili bwino, popeza mphamvu yobwerera siposa 4 pa 100 iliyonse. Ikafika 3, ndiye kuti 25 pa 100 ikubwerera, ndipo ma transmitter ambiri amadzichepetsera okha mphamvu pofuna kudziteteza kuti asapse.

Komabe pali msampha umene umakola ngakhale amisiri, ndipo ndikuganiza kuti nanunso ungakukoleni. Mvula ya ku Mzuzu imagwa nthawi yaitali, ndipo madzi akalowa pa cholumikizira cha pamwamba amatsetsereka m'kati mwa chingwe n'kuchita dzimbiri. Chingwe chotere chimamwa mphamvu popita, n'kumwanso pobwerera, kotero kuti mita ya pansi ingathe kuonetsa nambala yosangalatsa pamene mphamvu yambiri ikungosanduka kutentha m'njira. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti muyezenso kumapeto kwa chingwe: zimitsani transmitter, chotsani eriyo, ikanipo mita pamodzi ndi dummy load (chipangizo cholowa m'malo mwa eriyo, chimene chimamwa mphamvu osaiulutsa) ya ma ohm 50 yokwanira mphamvu yanu, kenako muyatse pa mphamvu yochepa. Ngati pansi mukutumiza ma watt 20 koma pamwamba pakufika 10 kapena kuchepera, kayikirani chingwecho, makamaka ngati si chachitali kwambiri.

Chonde musayatse transmitter kumapeto kwa chingwe kulibe kanthu, musamasule cholumikizira ikugwira ntchito chifukwa mphamvu imeneyi imawotcha mnofu, ndipo wina asakwere mlongoti kukuchita ziphaliwali. Musathamangirenso kukweza mphamvu kuti mufike ku Ekwendeni, popeza malire ake ali m'chiphaso chanu cha MACRA. Mukasintha chingwe, kulungani zolumikizira zonse zakunja ndi tepi ya labala yosalowa madzi.